Lendi ya pa Vine Street

Chinthuchi chinafika ku Kaliyeka m'belo la zidole. Alamu anga, amene amagulitsa kaunjika pamsika wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, atamasula belo lawo anapeza pansi penipeni kabokosi kophwanyika m'makona, komangidwa ndi mphira. Anakayala pabenchi masiku atatu, koma aliyense amati akatsegula n'kuona kuti muli ndalama zapepala zosagula ngakhale chitumbuwa, amangokabweza. Tsiku lachinayi anabwera nako kwathu. "Alamu," iwo anatero, "inu anthu a sukulu, tationereni ufiti wa azunguwu."

Pamwamba pake panalembedwa kuti Monopoly. Dzinalo ndinali nditalimvapo, koma masewerawo ndinali ndisanawakhudzepo chibadwire. Ine ndine mwana wa bawo. Ndinaphunzira kuwerenga njere pansi pa mtengo wa mango ndisanadziwe kuwerenga zilembo, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamene madoda azungulira bawo, mwendo umayamba kulemera. Tsono nditaona kabokosi kaja ndinati m'mtima, zachibwana izi, zoti ana a ku Ulaya azitayira nthawi kunja kukazizira. Ndikulemba nkhani ino patatha milungu itatu, ndipo zachibwanazo zikundisowetsabe tulo.

Loweruka lake kunagwa mvula yamadzulo, magetsi n'kuzima. Tinasonkhana m'nyumba yaikulu ya papoloti pathu, chifukwa ndimo muli tebulo lokwana anthu. Tinalipo asanu: ine, alamu anga aja, aphunzitsi ena opuma ntchito a kuseri kwa mpanda, amayi eni poloti, ndi mdzukulu wawo wamkazi wa Fomu 3. Aphunzitsi anakana kusewera. Anati iwo agwira banki ndi kapepala ka malamulo, poti Chingerezi cha m'kapepalamo chimafuna munthu wa magalasi. Tizidole toyendera tina tinasowa m'njira, choncho alamu anayendera chitsekero cha botolo, mtsikana uja batani la malaya, amayi anatenga kasimbi kositira, ine kagalu. Tinyumba tomangira natonso tinali tochepa, ndiye tinagwirizana kuti njere ya chimanga ikhale nyumba, nyemba ikhale hotela.

Ndiulule pompano, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: usiku umenewo ndinali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri kwa amayiwo, K120,000. Amene amadya za cholembera akudziwa m'mene zimakhalira. Nkhani imatuluka m'nyuzi lero, malipiro ake n'kudzatuluka utaiwala kuti unalemba chiyani. Ndakatulo ndiye amalipira ndi kuwomba m'manja. Miyezi iwiri yonseyo amayi sananene kanthu. Tikakumana pampopi m'mawa amangoti, "Mwadzuka bwanji a Mlakatuli?" ine n'kuyankha maso ali pa ndowa.

Kwa inu amene simunawaonepo, masewerawa ndi otere. Pali bolodi la timabokosi 40 tozungulira m'mphepete, ndipo 28 mwa ito ndi malo ogulitsa: misewu 22, masiteshoni a sitima anayi, kampani ya magetsi ndi ya madzi. Lathuli linali la ku England, la misewu ya mu London, kuyambira Old Kent Road wa mapaundi 60 mpaka Mayfair wa mapaundi 400. Aliyense amayamba ndi mapaundi 1,500. Umaponya madayisi awiri n'kuyenda monga m'mene agwera. Ukaima pamalo opanda mwini ukhoza kugula. Ukaima pa eni ake umalipira lendi. Ukasonkhanitsa misewu yonse ya mtundu umodzi umayamba kumanga, ndipo nyumba iliyonse imakweza lendi. Ukazungulira bolodi lonse n'kudutsa pakabokosi koyambira, kolembedwa kuti GO, banki imakupatsa mapaundi 200 ngati malipiro a pamwezi, ndipo malipirowa sakwera ngakhale lendi itakwera kakhumi. Aphunzitsi anawerenganso kuti banki sigwa: ndalama zikaithera ili ndi ufulu wolemba zina papepala wamba. Apa alamu anawomba m'manja nati, "Amene anapanga izi anakhalapo kuno ameneyo!" Wopambana ndi amene watsala yekha anzake onse atatheratu.

Ola loyamba linali la phwete lokhalokha. Alamu anagula kampani ya magetsi n'kulonjeza kuti mawa kuyaka. Mtsikana uja anapita kundende kawiri motsatizana, agogo ake n'kumamulimbitsa mtima kuti adzamuyendera ku Maula ndi kandiwo. Misewu tinaibatiza: Old Kent Road tinati ndi Mgona, Mayfair ndi Area 43. Palibe anatiuza kuti titero. Bolodi linangodziwika lokha, ngati nkhope ya wachibale amene sunamuonepo.

M'ola lomwelo munachitika kanthu kamene sindinakalabadire. Kagalu kanga kanaima pa siteshoni ya King's Cross, ya amayi. Iwo anali kalikiliki kuwongola kandulo imene imapendekeka. Madayisi anadutsa, masewera n'kupitirira. Aphunzitsi anakweza chala n'kuwerenga lamulo: mwini malo akapanda kupempha lendi yake, madayisi n'kupita m'manja mwa ena, lendiyo yapita. "Aa, ukalambatu uwu," amayi anatero. Posakhalitsa ndinaimanso pamsewu wawo wina, iwo akumanga duku. Inapitanso. M'mtima ndinati, agogowa sachedwa kugwa, alibe maso a bizinesi.

Ine maso a bizinesi ndinali nawo, kapena ndinkaganiza choncho. Mwayi unandiimika pa Bow Street ndi pa Vine Street, misewu iwiri mwa itatu ya mtundu wa olenji. Wachitatu, Marlborough Street, unali wa alamu. Ndinawanyengerera ndi mawu okoma amene ndimasungira ndakatulo, mpaka anandipatsa posinthana ndi kampani ya madzi, iwo n'kumasangalala kuti tsopano magetsi ndi madzi onse ndi awo. Ndinali nditaona kale kuti otuluka m'ndende amagwera kawirikawiri pamisewu imeneyi, poti ili kutsogolo kwa khomo la ndendeyo, sindinawauze. Ndinathira chimanga, kenako nyemba. Lendi ya pa Vine Street, imene poyamba inali mapaundi 16, inafika pa 1,000.

Cha m'ma naini koloko kunafika mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi yanga, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, atanyowa yense. Anapempha kulowa nawo. Aphunzitsi, mwachilungamo chonse, anamuwerengera mapaundi 1,500 ofanana ndi amene tonse tinayamba nawo. Koma malo onse anali atagulidwa. Mnyamatayo anaponya madayisi ngati wina aliyense, sanalakwitse kanthu chifukwa panalibe choti asankhe, ndipo asanamalize ulendo wachitatu wozungulira anali atatheratu. Anaimirira akuseka nati, "Bola ndikanangokhala kundende." Sananame. Masewerawa akafika kumapeto, malo okhawo amene wosauka amapumirako ndi ndende, poti kumeneko kulibe lendi.

Mtsikana uja anatsatira. Kenako inakwana nthawi ya amayi. Analipira mapaundi 50 otulukira m'ndende, madayisi n'kugwa 5 ndi 4, ndipo tonse tinawerengera limodzi mokweza mpaka kasimbi kanaima pa Vine Street, pambali pa nyemba yanga. M'manja anali ndi mapaundi osakwana 300. Alamu anasolola ndalama zawo kuti awabwereke, koma aphunzitsi anawagwira dzanja: lamulo likuletsa osewera kubwerekana ndalama, wobwereketsa ndi banki yokha, ndipo imafuna pinyolo. Amayi anandiyang'ana pamwamba pa kandulo nati, "A Mlakatuli, ulendo uno mungoyang'ana kumbali."

Ndinayankha msanga, madayisi asanachoke pamalo, kuopa kuti lendi ingapite. Ndinati, "Pepani amayi, malamulo ndi malamulo."

Anapinyolitsa King's Cross, anapinyolitsa misewu yawo yonse, sizinakwane. Anasonkhanitsa zikalata ndi tindalama totsala n'kundikankhira, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, kenako anadzuka kukateleka tiyi pambaula. Ndipo ine, abale anga, ndinakondwa. Si kukondwa kwa ulemu ayi. Kunali kukoma kwina kotentha kochokera m'mimba, ngati kwa munthu amene wameza yekha nthuli yonona kuseri kwa nyumba. Ndinasanja ndalama zanga m'milumilu monga mwa mitundu yake, ndipo ndinangozindikira ndikuimba kamluzu. Alamu sanachedwe; tiyi asanapse, magetsi awo ndi madzi omwe anali anga.

Nditagona m'chipinda changa cha lendi yosalipira, mvula ikugogoda malata a eni ake, ndi pamene za kandulo ndi duku zija zinandibwerera. Amayi amene amadziwa pamtima yuniti iliyonse ya magetsi ndi ndowa iliyonse ya madzi papoloti pano, angaiwale lendi kawiri m'ola limodzi? Sanaiwale. M'malamulo onse aja anapezamo kamng'alu kamodzi kokha kamene chifundo chingadutsire, n'kundidutsitsamo ine, monga amachitira pampopi m'mawa uliwonse.

Kodi ndinalakwa? Mnzanga wina amene ndinamufotokozera anaseka nati, "Iwe, ndi masewera chabe." Yankho limeneli si lopusa, ndipo ndisalinyoze. Pabawo timadyerana njere popanda kupepesa. Munthu amene wakusiyira dala mtaji chifukwa chokumvera chisoni wakunyoza, ndipo madoda akazindikira amamudzutsa pampando. Wosewera mpira amene wafika pagolo n'kuyamba kumvera chisoni goloboyi waononga masewera a anthu 22. Masewera ndi pangano: timagwirizana kuti kwa maola awiri tidane monamizira, kenako timwe tiyi. Mwa pangano limeneli, kulandira lendi ya pa Vine Street sikunali tchimo, ndipo mwina pempho la amayi lija linali mbali ya masewera, kundiyesa chabe. Ndayesa kugona ndi yankho limeneli, koma likundisiya mapazi pamtunda ngati bulangete lalifupi.

Chimene chikundiluma si ndalama zapepala zimene ndinalandira, koma nthano imene ndinayamba kudzisimbira pozilandira. Pasanathe maola awiri ndinali nditakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikulemera chifukwa ndine wochenjera, ndipo enawo akusauka chifukwa ndi ogona: alamu ndi opupuluma, mtsikana ndi wamantha, amayi ndi oiwalaiwala. Ngakhale mnyamata wa kabaza uja, amene ndinaona ndi maso angawa kuti analibe mpata, ndinamupezera mlandu: akanafika msanga. Chonsecho chimene chinandiimika pa Bow Street ndi pa Vine Street ndi timadayisi tiwiri togubuduka patebulo. Luso linalipo pang'ono, inde, la kunyenga alamu. Lina lonse kunali kufika poyamba. Katswiri wina wa za maganizo a anthu ku America, Paul Piff, anayesapo zomwezi ali ku yunivesite ya California ku Berkeley. Ankaseweretsa anthu awiriawiri Monopoly yokondera, wina atapatsidwa mwamaere ndalama zowirikiza kawiri ndi madayisi awiri pamene mnzake ali ndi limodzi. Monga anafotokozera mu 2013, olemerawo ankayamba kugogoda bolodi mwamphamvu poyenda ndi kulankhula modzikuza, ndipo pomaliza akafunsidwa chimene apambanira ankasimba za nzeru zawo, za maere zija n'kuziiwala. Ine sindinafunike yunivesite. Kandulo imodzi inakwana.

Ndiye pali mawu aja amene ndinayankha. Lamulo linati ndikhoza kupempha lendi, silinati ndiyenera. Ine ndinatenga "ukhoza" n'kumusandutsa "uyenera" kuti dzanja lolandira lioneke ngati si langa. Mawu amenewa ndawamva moyo wanga wonse kuchokera tsidya lina la tebulo: kwa wa katapila amene akunyamula wailesi ya mnzake, kwa alandilodi amene amazula chitseko kapena kukanganula lata pamwamba pa bedi mwezi wa Januwale, kwa kalaliki amene akutseka zenera pamaso pa munthu wochokera ku Mitundu chifukwa nthawi yakwana. Onsewo sanena kuti "ndafuna". Amati "ndi lamulo". Anthu otere ndawalembera ndakatulo zoluma, zina mpaka zinawombedwa m'manja. Sindinadziwe kuti mawu awo ndinali nawo m'kamwa, okonzeka kale, akungodikira nyemba zitatu.

Chodabwitsa n'chakuti amene anayambitsa masewerawa ankafuna kuti timve ndendende zimene ndinamvazi, kenako tichite nazo manyazi. Anali mayi wa ku America, Elizabeth Magie, wolemba pa taipi m'maofesi amenenso ankalemba ndakatulo, mnzanga pantchito yosalemeretsa. Mu 1904 analembetsa kuboma masewera amene anawatcha The Landlord's Game, kunena kuti masewera a mwini malo. Iye ankatsatira maganizo a Henry George, amene m'buku lake la mu 1879, Progress and Poverty, anafunsa chifukwa chimene umphawi umakulira pamalo pomwepo pamene chuma chikukula. Yankho la George linali nthaka. Palibe munthu anaipanga, ndipo mtengo wake umakwera osati chifukwa cha thukuta la mwini wake koma chifukwa anthu ena onse abwera kudzakhala, kudzagwira ntchito ndi kudzalambula misewu mozungulira. Choncho phindu limenelo likhomeredwe msonkho n'kubwerera kwa onse. Magie anakonza malamulo a mitundu iwiri, ena oti mmodzi adye anzake onse, ena oti lendi ya nthaka izipita m'thumba la onse kuti aliyense apindule nayo. Ankayembekeza kuti anthu akalawa zonse ziwiri aona okha zabwino.

Anthu analawa, n'kusankha zodyana. Masewerawo anayenda m'manja mwa anthu zaka makumi atatu, akusinthidwa apa ndi apo, mpaka bambo wina wosowa ntchito, Charles Darrow, anawaphunzira kwa anzake n'kukawagulitsa ngati ake ku kampani ya Parker Brothers mu 1935. Darrow analemera kwadzaoneni. Magie anapatsidwa madola 500 basi, ndipo anamwalira mu 1948 dzina lake litaiwalika. Linadzafukulidwa m'zaka za m'ma 1970 pamlandu wa kukhoti wa mphunzitsi wina wa zachuma, Ralph Anspach. Masewera otsutsa kulanda analandidwa. Wolemba nthano akanapeka zotere, akonzi akanamubwezera kuti wachulutsa mchere.

Ife kuno sitifunika bolodi la ku London kuti litiphunzitse za kufika poyamba. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira kuti minda ikuluikulu ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba ndi ya azungu owerengeka, amene ambiri a iwo anaigula kwa mafumu ndi nsalu ndi tizinthu tina totchipa. Anthu okhala m'mindamo, makamaka amene anabwera pambuyo kuchokera ku Mozambique, anayenera kulipira lendi ndi thukuta lawo. Ndipo taonani dzina limene lendiyo inavekedwa: thangata, mawu amene kwathu amatanthauza kuthandizana pantchito. Kumenekonso kunali malamulo, olembedwa bwino, odindidwa chidindo. Pamene anthu a John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915, ena analunjika ku Magomero, ku esiteti ya A.L. Bruce, kumene thangata anali wowawa kwambiri. Thangata anatha ufulu wodzilamulira uli pafupi, koma bolodi silinapindidwe. Anangosintha osewera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anamera panthaka ya makolo m'chigawo chapakati chino, eni ake tsopano akuda anzathu a maudindo, matenanti n'kumawalimira.

Mzinda uno nawo unajambulidwa papepala usanamangidwe, n'kukhala likulu mu 1975, ndipo amene anaujambula anaudula m'timabokosi ta manambala, tina totakasuka ta mitengo ndi mipanda, tina tothinana. Yendani kuchokera ku Area 47 kulowa ku Mtandire. Simufunika chikwangwani, mapazi akuuzani okha. Munthu amene anapeza poloti ku Kawale kapena ku Area 25 zaka makumi anayi zapitazo mwina sanali wanzeru kuposa mnyamata wa kabaza uja. Anangobadwa bolodi lisanadzaze. Ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa nyumba anakweza lendi, wa golosale anakweza shuga, koma wongodutsa pa GO analandirabe mapaundi ake 200 omwe aja.

Apa pali msampha umene ife alakatuli timakonda kugweramo, wonena kuti dyera linabwera pa sitima ndi azungu, ife kwathu kunali kugawana kokhakokha. Ndinayesedwa kulemba choncho, kuika bawo kudzanja lamanja, Monopoly kumanzere. Zoona, bawo lili ndi ulemu wake. Mulibe madayisi, aliyense amayamba ndi njere 32, njere imene wadya imalowa m'maenje ako momwe mnzako angadzaidyenso, ndipo wofika mochedwa amangodikira kuti bawo liyalidwenso. Ngakhale mawu akuti kutakata, amene lero timatchulira kusaka ndalama, pabawo ndi kuyenda kosadya njere ya mnzako. Koma amayi eni poloti akanandiseka ndikanawauza kuti ife sitidziwa kulanda. Amuna awo atamwalira, achibale a kuchimuna anafika misozi isanaume n'kuyamba kuwerenga malata, ndipo nawonso anali ndi mawu awo: mwambo ndi mwambo. Dziko lino lachita kukhwimitsa malamulo, monga la chuma cha masiye la mu 2011, pofuna kuthetsa kulanda kotereku. Amayi poloti yawo anaigwira ndi mano, ndipo tinyumba tinayi timene tikukhalamo ife anatimanga ndi ndalama za mandasi ndi makala, chipinda chimodzi chaka chimodzi.

Tsono iwowa ndi alandilodi amene ndimawatukwana m'ndakatulo aja? Henry George akanati nyumbazo ndi thukuta lawo, adye. Koma kukwera mtengo kwa nthaka ya Kaliyeka chifukwa tauni yafutukuka si thukuta lawo. Papepala kusiyanitsako n'kosavuta. Pampopi m'mawa sindidziwa kuti ndingayambire pati kudula lendi yanga pawiri.

Ndipo chifundo chawo chija chili ndi wochilipira. Lachiwiri lotsatira ndinaona mtsikana wa Fomu 3 uja ali pakhomo nthawi ya sukulu, akutsuka mbale. Amaphunzira pasukulu yapulayiveti, ndipo anabwezedwa chifukwa cha fizi yotsalira. Sindinafunse kuti yotsalayo ndi zingati. Ndinaopa kuti yankho lingafanane ndi nambala imene ndikuidziwa. Pamene amayi ankayang'ana kumbali kuti ine ndidutse, lendi sinkapita kumwamba ayi, inkagwera pa batani la malaya lija. Nayenso mkulu wa sukuluyo, ndikhulupirira, anati malamulo ndi malamulo, ndipo nayenso ali ndi aphunzitsi ofuna malipiro, amene nawonso ali ndi alandilodi awo owadikira. Pabolodi la ku Kaliyeka aliyense ndi mwini Vine Street kwa wina, ndipo yemweyo ndi kasimbi kwa wina.

Apa ndi pamene ndimamumvetsa Magie. Iye sanapemphe eni malo kuti akhale ndi mitima yabwino. Anasintha malamulo kuti munthu asachite kudalira mtima wabwino wa mnzake kuti agone m'nyumba. Mzinda sungamangidwe pa kuiwala kwa dala kwa amayi okalamba, ndipo zimenezi ndikuzivomereza ndi mutu wanga wonse. Koma mutu womwewo ukudziwa kuti ndikhoza kubisala kuseri kwa mfundo imeneyi monga ndinabisalira kuseri kwa kapepala ka aphunzitsi: kumati vuto ndi bolodi, vuto ndi Johnston, vuto ndi kwacha, ine n'kumadutsa pampopi maso ali pa ndowa. Usiku uja bolodi silinanditsegule pakamwa. Ndinatsegula ndekha, ndipo mofulumira.

Ndinagulitsa kasipika kanga komvera nyimbo ndi mabuku angapo kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Old Town, n'kuphatikiza ndi kandalama kamene nyuzi ina inakumbukira kundipatsa. Zinakwana mwezi umodzi. Lachisanu madzulo ndinagogoda kunyumba yaikulu n'kupereka ndi manja awiri. Amayi anawerenga kawiri, akunyowetsa chala, namanga pansonga ya chitenje. Ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Nanga inayo, a Mlakatuli?"

Chilowereni papoloti pano zaka zinayi zapitazo, aka kanali koyamba kundifunsa. Ndinati kumapeto kwa mwezi, amayi. Anagwedeza mutu nati, "Chabwino. Paja munatiphunzitsa." Anaseka, koma kunali kutada ndipo nkhope yawo sindinaione bwino.

Mtsikana wabwerera kusukulu. Alamu akuti kabokosi kaja sakagulitsanso, ndipo Loweruka likubwerali tikumananso. Mnyamata wa kabaza walonjeza kufika sikisi koloko isanakwane. Amayi atumiza uthenga kudzera kwa mdzukulu wawo kuti ulendo uno kagalu n'kawo.